Tramu yachikasu ya ku Lisbon njokalamba kunja kokha

Mayi ena a ku Tete anditumizira imelo. Mwana wawo amene akuphunzira ku Lisbon, likulu la Portugal, anawatumizira chithunzi cha tramu yachikasu, kasitima ka bogi imodzi koyenda panjanji ya mumsewu. Funso lawo n'lakuti: bwanji mzinda waukulu chonchi ukuyendetsabe chinthu chakalekale, ndipo kodi mwanayo ndi wotetezeka akakwera?

Mayi, zikomo polemba. Kampani ya Carris, imene imayendetsa matramuwa, inayamba mu 1872, ndipo ngolo zake zoyamba ankazikoka ndi ziweto. Matramu a magetsi anabwera mu 1901. Amene mwawaona pachithunzicho matupi ake ndi a m'ma 1930: mafelemu a mawindo ndi amatabwa, mipando yokhalapo anthu pafupifupi 20, ena onse n'kuimirira.

Ambiri amaganiza kuti anawasunga pofuna kukopa alendo basi. Ine ndimati chachikulu ndi misewu. Njira ya nambala 28, yochoka pa bwalo la Martim Moniz kukafika ku Campo de Ourique, imadzera ku Graça ndi ku Alfama, madera a pazitunda amene anamangidwa kusanabwere galimoto. Malo ena msewu ndi wopapatiza moti woyenda pansi amachita kudzipanikiza kukhoma kuti tramu idutse. Mpata wa pakati pa njanji ndi masentimita 90 okha, ndipo tramuyo ili ndi mawilo anayi oyandikana pansi pa thupi lalifupi, n'chifukwa chake imakhota pa ngodya zimene galimoto yaitali singakwanitse. Matramu ataliatali amene Carris inagula mu 1995 amayenda njira ya 15 yopita ku Belém, m'mphepete mwa mtsinje wa Tejo, komwe kuli chidikha. Ku Alfama sangalowe.

Za chitetezo, mtima ukhale m'malo. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, Carris inatenga matramu akale 45 n'kuwakonzanso. Thupi analisunga, koma pansi anaikamo mamota amphamvu, zamagetsi zatsopano ndi mabuleki atsopano. Pamtsetse, makamaka mvula ikagwa kapena masamba akayoyokera panjanji, woyendetsa amathira mchenga kutsogolo kwa mawilo kuti chitsulo chigwirane ndi chitsulo chinzake. Nzeru imeneyi ine imandisangalatsa kwambiri, chifukwa anasintha zokhazo zimene zimatha ndi ntchito, n'kusiya zimene zinali bwino kale.

Chimene chimandiwawa ndi china. Nambala 28 yatchuka moti alendo amaima pamzere wautali pa Martim Moniz, ndipo agogo a ku Graça ochokera kumsika amasowa pokhala, pamene tramuyo anaikhazikitsira iwowo. Opisa m'matumba nawonso amapezerapo mwayi pa kuthinanako.

Mwana wanu mumuuze akwere m'mamawa, chikwama chili kutsogolo. Kapena ayese nambala 24 yopita ku Campolide, imene anaitsegulanso mu 2018. Matramu ake ndi amtundu womwewo, koma anthu sathinana ngati mu 28.