Kodi Madzi a Akasupe a ku Rome Ankakwera Bwanji Popanda Pampu?

Funso: Ndaona zithunzi za akasupe omangidwa m'mabwalo a mzinda wa Rome, madzi akutuluka m'miyala yosemedwa. Popeza kalelo kunalibe magetsi, chinkakankha madziwo n'chiyani?

Yankho: Chinkawayendetsa ndi kutsetsereka kwa malo basi. Madzi sangakwere kupitirira msinkhu wa kumene achokera, ndipo mmisiri aliyense ankayamba wadziwa zimenezi asanaseme mwala. Ngalande ya Aqua Virgo, imene Marcus Agrippa, mkulu wa asilikali a Aroma, anamanga m'chaka cha 19 Khristu asanabadwe, ndi yotalika makilomita pafupifupi 20, mbali yaikulu pansi pa nthaka, koma paulendo wonsewo imatsika ndi mamita pafupifupi 4 okha. Madzi ake amafika mumzinda ali ofooka.

N'chifukwa chake pa kasupe wa Trevi, amene anamangidwa pothera ngalandeyi, madzi saponyedwa m'mwamba. Nicola Salvi, mmisiri amene anayamba kumanga kasupeyu mu 1732, anawakonzera mathanthwe oti azigwerapo n'kumwazikana, mwakuti phokoso ndi thovu zimabisa kufooka kwawo. Khoma lakumbuyo, lotalika mamita 26, ndi mbali ya nyumba yachifumu ya Palazzo Poli. Salvi anamwalira mu 1751 ntchito ili pakati, ndipo inatha mu 1762. Ife timagoma kwambiri ndi nzeru za Pietro Bernini pa bwalo la Piazza di Spagna: poona kuti madzi sangakwere, anatsitsa kasupeyo kuti akhale m'munsi mwa msewu, n'kumusema ngati bwato lomwe likumira.

Akasupe oponya madzi m'mwamba, monga a pabwalo la St Peter, ankamwa ku ngalande ina, Acqua Paola, yomwe inatsegulidwa mu 1612 ndipo imalowera mumzinda pamwamba pa phiri la Janiculum. Lero madzi a Trevi amazunguliridwa ndi mapampu amagetsi.

Funso: Bwanji bwalo la Piazza Navona ndi lalitali chonchi, mbali imodzi yokhota?

Yankho: Linakhala pamwamba pa bwalo la masewero lomwe mfumu Domitian inamanga cha m'ma 86 Khristu atabadwa. Nyumba zinamangidwa pamaziko a mipando ya owonerera, pakati n'kutsala poyera. Kasupe wa pakatipo, wa Gian Lorenzo Bernini, anatha mu 1651 ndipo amaimira mitsinje inayi: Nile, Ganges, Danube ndi Rio de la Plata.

Funso: Chimawononga akasupewa n'chiyani, nanga amawakonza bwanji?

Yankho: Mdani wamkulu ndi madzi omwewo. Madzi a ku Rome ali ndi laimu wambiri, ndiye akamauma amasiya nkhanambo yoyera yomwe imakwirira tsatanetsatane wa zosema ndi kutseka mapaipi. Mwala wa travertine womwe anamangira ambiri mwa akasupewa, wokumbidwa ku Tivoli pafupi ndi Rome, uli ndi timabowo tomwe timasunga chinyezi, ndere ndi mwaye wa magalimoto. Choopsa kwambiri ndi zitsulo zolumikizira miyala mkati: zikachita dzimbiri zimatupa, mwala n'kung'ambika.

Pokonza amayamba akhuthula madzi onse, kenako amafewetsa nkhanamboyo ndi kuipala pang'onopang'ono ndi tizipangizo tating'ono. Zitsulo zadzimbiri amazitsuka kapena kuikapo zosachita dzimbiri, ming'alu amaimata ndi matope a laimu, osati simenti, chifukwa simenti ndi yolimba kuposa mwalawo ndipo mchere wake umaudya. Pomaliza amamata beseni kuti lisadonthe. Ntchito yotere pa Trevi inayamba mu 2014 n'kutha mu Novembala 2015, ndi ndalama zoposa mayuro 2 miliyoni zomwe kampani ya Fendi inapereka.