Funsani Amalume: Tabuleti ikukana Wi-Fi ya pakhomo

Amalume, ndine mayi wa ana atatu ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Achimwene anga amene ali ku Joni anatitumizira tabuleti ya Samsung yoti inagwirapo kale ntchito kuti ana azionerapo za kusukulu, koma chibwerereni chinthuchi chikukana Wi-Fi ya m'nyumba mwathu. Foni yanga imalowa bhobho, ya bambo akunyumba chimodzimodzi, koma pa tabuletiyi dzina la Wi-Fi yathu silikuoneka n'komwe, ikungoonetsa za maneba basi. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni m'tauni akuti IC, kachipangizo ka mkati kogwira Wi-Fi, inapsa ndilipire asinthe, koma mtima wanga ukukana chifukwa pashopu pake pomwepo inalowa Wi-Fi yake ine ndikuona ndi maso angawa. Ndiitaye kapena? Mayi wa ku 25

Mayi, musaitaye ndipo ndalama ija isungeni mugulire ana sopo. Mwayankha kale nokha theka la funsoli: chinthu choti IC yake inapsa sichingaone Wi-Fi za maneba, komanso sichingalowe ya pashopu. Tabuletiyo ndi yamoyo, kungoti iyo ndi rauta yanu, kabokosi koulutsa Wi-Fi m'nyumba kaja, sizikumvana, nde tiyeni tione kuti zikusemphana pati.

Choyamba chimene ndikuchikayikira ndi ichi. Marauta ambiri amaulutsa Wi-Fi pa misewu iwiri, wina wa 2.4 GHz wina wa 5 GHz. Wa 2.4 ndi wakale, umayenda pang'onopang'ono koma umafika patali ndipo chipangizo china chilichonse chimaudziwa. Wa 5 ndi wothamanga koma matabuleti ambiri akale ndi aja otchipa alibe khutu lomvera msewu umenewu, kwa iwo kuli zii ngati kulibe kanthu. Nde ngati amene anakuikirani rauta anathimitsa 2.4 n'kusiya 5 yokha, poti anyamata ambiri amatero akuti intaneti izithamanga, mafoni anu atsopanowo azilowa bwinobwino koma tabuleti siidzaliona dzinalo mpaka kalekale. Dziwaninso kuti 5 GHz imeneyi si 5G ya netiweki ya mafoni ija ayi, anthu amasokoneza chifukwa marauta ena amalemba 5G kumapeto kwa dzina la Wi-Fi, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kuti muone, tengani foni imene ikulowa kaleyo, tsegulani Chrome, pamwamba polemba adiresi paja mulembepo manambala a rauta. Musawaloweze pamtima, tembenuzani rautayo muone kunsi kwake pali kasitika, ngati ndi ka MiFi, karauta kakang'ono ka batire kaja, chotsani chivindikiro ndi batire kasitikako kali mkatimo. Kawirikawiri pamalembedwa 192.168.8.1 ngati ndi ya Huawei, zina 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pomwepo pamakhalanso dzina ndi pasiwedi yolowera mu masetingi, imene nthawi zambiri imakhala yosiyana ndi pasiwedi ya Wi-Fi. Mukalowa fufuzani polembedwa Wi-Fi Settings kapena WLAN, muone ngati 2.4 GHz ili yoyatsa. Ngati misewu iwiriyo anaiphatikiza pa dzina limodzi, isiyanitseni, wina muutche mwina Kwathu, winawo Kwathu5, tabuleti izilowa pa woyambawo.

Mukapeza kuti 2.4 ndi yoyatsa kale, musatulukemo, yang'anani polembedwa Channel. Msewu wa 2.4 uli ndi timizere tomwe amatiwerenga kuyambira 1 mpaka 13, koma zipangizo zopangidwira msika wa ku America zambiri zimalekera pa 11. Rauta ikakhala pa Auto imatha kudzisankhira 12 kapena 13 pothawa kuthithikana ndi za maneba, basi tabuleti yotereyo yachita khungu. Mwati yanuyi inachokera ku Joni, koma katundu wogwirapo kale ntchito amayenda maiko ambiri asanafike m'manja mwa achimwene anu, nde musadalire zimenezo. Chotsani pa Auto muike pa 1, 6 kapena 11. Atatu amenewa ndi amene sapondana.

Pomwepo onaninso kabokosi kolembedwa Hide SSID, ngati kali kochongedwa ndiye kuti dzina la Wi-Fi analibisa dala. Mafoni anu amalowa chifukwa anaidziwa kale isanabisidwe, mlendo ngati tabuletiyi ndi amene akuvutika. Chotsani chongacho.

Dzina likaoneka koma n'kumakana pasiwedi imene mukudziwa kuti ndi yolondola, pitani pa Security. Marauta atsopano amabwera ndi loko yotchedwa WPA3 imene inatuluka mu 2018, ndipo Android anayamba kuidziwa pa Android 10, nde tabuleti ya m'mbuyo mwa pamenepo imangoti Authentication error kapena Saved n'kukhala phee osalowa. Sinthani muike WPA2-PSK, ikadali loko yabwino pa zapakhomo. Koma chonde musaike pa Open kapena WEP poti mwatopa, mudzadyetsa bandulo yanu mudzi wonse wa 25.

Chimodzi chokha ndikupempheni, kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kakang'ono kolembedwa Reset, kaja amabayapo ndi phini. Musakakhudze pokhapokha zonse zitakanika, chifukwa kamafufuta chilichonse, dzina, pasiwedi, nthawi zina ndi masetingi a netiweki omwe, ndipo nyumba yonse idzakuyang'anani ndi diso lofiira madzulo amenewo.

Amalume, yanga ndi tabuleti yakalekale koma imandithandiza pa maoda a bizinesi yanga ya makeke. Imalemba kuti Connected, timizere ta Wi-Fi tonse todzadza, koma ndikatsegula Google ikuti Your connection is not private, WhatsApp nayo ikudandaula za deti. Zinayamba tsiku lina magetsi atathima tsiku lonse batire n'kutheratu. Ndachita restart rauta kambirimbiri palibe chikusintha. Wamakeke, Chilomoni

Achemwali, rautayo ilekeni yalakwa chani. WhatsApp yakuuzani kale vuto koma simunaimvere kkkk. Batire la chipangizo chakale likatheratu mpaka kuzimiratu, wotchi ya mkati imabwerera m'mbuyo, mupeza ikuti lero ndi 1 January chaka chinachake chakale. Tsono mawebusaiti onse oyamba ndi https amaonetsa chiphaso chokhala ndi deti yoyambira ndi yothera ntchito, tabuleti ikayerekeza ndi wotchi yake yosokonekerayo imaona ngati chiphasocho ndi chabodza nde imakana kutsegula. Foni yokhala ndi SIM imadzikonzera yokha nthawi kuchokera ku netiweki, koma tabuleti ya Wi-Fi yokha nthawi zina imakakamira pomwepo. Pitani ku Settings, Date and time, thimitsani Automatic, ikani deti ndi nthawi ndi dzanja, time zone ikhale GMT+2 ya kwathu kuno, kenako muyatsenso Automatic. Mphindi ziwiri sizikwana.

Poti mwati ndi yakalekale, onaninso pa About tablet kuti ili pa Android chani. WhatsApp inasiya kugwira pa Android yochepera 5.0 mu October 2023, ndipo pa zipangizo zosafika Android 7.1.1 mawebusaiti ena amakanabe ngakhale deti ili bwino, chifukwa ziphaso zatsopano sizizidziwa. Zikakhala choncho ndiye si za Wi-Fi ayi, ndi ukalamba, yambani kusunga ya makeke pang'onopang'ono.

Ndionjezepo apa chifukwa makalata a mtundu uwu amabwera ambiri. Mawu oti Connected amangotanthauza kuti tabuleti yagwirana chanza ndi rauta m'nyumbamo, sakunena kuti rautayo ikulankhula ndi kunja. Zili ngati paipi ya m'nyumba yolumikizidwa bwinobwino ku mita koma madzi atasiya, mpopi ulibe mlandu. Nde musanayambe kutokosa masetingi tengani foni ina, muthimitse data yake, mulowe pa Wi-Fi yomweyo. Ikakananso ndiye kuti vuto lili pa rauta kapena kunja: bandulo yatha, yapitirira masiku ake, SIM yasuntha, kapena netiweki yagwa dera lonse. Ndinaonapo bambo wina atakwiya kuti MiFi yafa poti WhatsApp yokha ndi imene imayenda, YouTube ayi, kufufuza tinapeza kuti mwana amene anamutuma anagula bandulo ya WhatsApp m'malo mwa ya intaneti yonse, chenji n'kudyera kanyenya. Koma foni inayo ikamayenda bwino, apo ndiye yang'anani chipangizo chanucho.

Amalume, ine foni imangozungulira pa Obtaining IP address kenako n'kudzichotsa yokha. Timagwiritsa ka MiFi kamodzi nyumba yonse, tilipo ambiri ndithu poti pali ma cousin abwera ku holide. Mnyamata wa ku Luwinga, Mzuzu

Aphwanga, werengani mitu ya anthu m'nyumbamo. Ka MiFi kali ndi malire a zipangizo zimene kangatenge nthawi imodzi, tambiri timalekera pa 10 tina pa 16, nde mukaphatikiza mafoni a ma cousin, laputopu, TV ndi neba amene munam'patsa pasiwedi chaka chatha uja, malo atha ngati minibasi ya m'mawa. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala yake, ndiyo IP address imeneyo, ndipo yanuyo ikudikira nambala imene sikubwera. Lowani mu masetingi monga ndafotokozera mayi a ku 25, muone mndandanda wa amene alumikizidwa, mudzadabwa. Mukaona mayina osawadziwa sinthani pasiwedi, aliyense alowenso mwatsopano.

Malo akakhala alipo, pa foni yanu dinani dzina la Wi-Fi musankhe Forget, thimitsani MiFi kwa theka la mphindi, yatsani, mulembenso pasiwedi mosamala poti chilembo chachikulu ndi chaching'ono si chimodzi, komanso 0 ndi O pa kasitika kaja zimafanana moipa. Palinso kena kamene kamagwira anthu: ngati mwini MiFi anatchera MAC filter kuti azilowa ndi odziwika okha, dziwani kuti kuyambira Android 10 ndi iOS 14 mafoni amabisa MAC yawo yeniyeni, nambala imene rauta imazindikirira chipangizo, n'kupereka yongopeka, nde rauta imakuonani ngati mlendo. Pa Wi-Fi imeneyo sankhani Use device MAC, pa iPhone thimitsani Private Wi-Fi Address. Zikakanikabe pali Reset network settings, imafufuta ma Wi-Fi onse osungidwa ndi za Bluetooth koma zithunzi ndi mameseji sizikhudzidwa. Factory reset ndiye ayi, musafike kumeneko chifukwa cha Wi-Fi.

Amalume, pabalaza intaneti imathamanga koma ndikangolowa kuchipinda tabuleti imatsala ndi kamzere kamodzi, vidiyo n'kumangozungulira. Nyumba yake si yaikulu n'komwe. Ndigule rauta ina yamphamvu? Aphunzitsi, Zomba

Aphunzitsi, musanagule ndiuzeni kaye rautayo ili pati. Ndikhoza kubetcha kuti ili kuseri kwa TV, kapena mu kabati ya magalasi pamodzi ndi mbale za alendo atayiphimba ndi kansalu koluka kuti isade, kapena pansi pakona poti ndi pamene pali soketi. Nyumba zambiri zimene ndalowamo ndi momwemo. Wi-Fi ndi wailesi, ndipo khoma la njerwa zootcha lopaka simenti limaidya kwambiri, makoma awiri atatu basi yatha. Chitsulo ndiye mdani wake weniweni, firiji, chitseko chachitsulo, malata, ngakhale galasi lalikulu loonerapo nkhope lija poti kumbuyo kwake kuli chitsulo chopyapyala. Madzinso amaimwa, nde musaiike pafupi ndi ndowa kapena mgolo wosungira madzi. Microwave nayo ikamatenthetsa chakudya imagwira ntchito pa 2.4 GHz pomwepo, ngati intaneti imaduka nthawi yofunditsa ndiwo musadabwe.

Ikwezeni pamwamba, pa shelefu kapena muikhomere kukhoma cha pakati pa nyumba, pakhonde lamkati loyang'anana ndi zitseko za zipinda ndi pabwino kwambiri. Ekisitenshoni ya mamita asanu ndi yotchipa kuposa rauta yatsopano. Koma ngati ndi rauta yoikamo SIM pali kukokana pang'ono, iyo imafuna pafupi ndi windo kuti igwire bwino netiweki ya kunja pomwe inu mukuifuna pakati, nde yesani malo awiri atatu mukuyang'ana timagetsi ta siginolo tili pa rautapo, osati timizere ta pa tabuleti tokha. Kuchipindako lowani pa 2.4 GHz, imaboola makoma bwino kuposa 5. Onaninso chikavala cha tabuletiyo, zina zokhala ndi chitsulo zimaphimba eriyo, ichotseni muone ngati timizere tikwere, komanso Battery saver ikakhala yoyatsa zipangizo zina zimafooketsa Wi-Fi sikirini ikangothima.

Zonsezi zikakanika ndiye mugule ka repeater, koma mukakaike pakati pa njira pamene siginolo ikadali ndi mphamvu, osati kuchipinda kwenikweniko, chifukwa kamangobwereza zimene kamva, kakamva zofooka kabwerezanso zofooka. Mundilembere mundiuze kuti rauta ija munaipeza pati, ine ndabetcha kuti ili mu kabati ya mbale.