Kukwera Sapitwa kuchokera ku Blantyre: masiku awiri sakwana

Achimwene ena a ku Chilomoni atumiza imelo. Iwo ndi anzawo atatu akufuna kunyamuka Loweruka m'mawa, akafike pa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, abwerere Lamlungu madzulo kuti Lolemba akhale ali kuntchito. Akufunsa ngati zingatheke, komanso zoti atenge.

Achimwene, masiku awiri sakwana. Konzani atatu, ndipo ngati pagulupo pali amene sanakwerepo phiri lalitali, anayi. Sapitwa ndi mamita 3,002, nsonga yoposa zonse m'Malawi muno. Ku Likhubula komwe ambiri amayambira n'kumunsi kwenikweni, ndiye miyendo yanu ili ndi mamita opitirira 2,000 oti ikwere.

Minibasi mukakwerere ku Limbe kunja kusanache. Ya msewu wa Midima imafika msanga, ya ku Thyolo imazungulira koma imadutsa m'minda ya tiyi. Tsikirani pa Chitakale, mugwire kabaza wa ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Pa ofesi ya zankhalango mukalembetse maina, mulipire, mutenge wolondolera njira. Tengani ndalama zapamanja, chifukwa m'phirimo netiweki ndi ya apo ndi apo.

Ulendo wa masiku atatu umayenda chonchi. Tsiku loyamba mumakagona ku nyumba ya Chisepo, yomwe ili m'tsinde mwa Sapitwa, ulendo wa maola 6 mpaka 8. Lachiwiri ndi la nsonga, kupita ndi kubwera maola 6 kapena 7. Lachitatu n'lotsika. Mukakhala ndi masiku anayi, usiku woyamba gonani ku nyumba ya Chambe. Kuchokera ku Likhubula kupita ku Chambe, njira ya Skyline n'njachidule koma chikweza chake n'choopsa, pomwe ya Chapaluka imatsata mtsinje, kudutsa cha pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo siyithyola mawondo.

Pofunika kusamala kwambiri ndi pakati pa Chisepo ndi nsonga. Kumeneko njira yeniyeni kulibe. Mumakwera pa mathanthwe osalala, pena mukukwawa ndi manja, pena mukupanikizika pansi pa miyala ikuluikulu chikwama mutavula. Thanthwe likauma nsapato imagwira bwinobwino, koma likangonyowa limaterera ngati therere. Ndiye nyamukani kukangocha, popeza nkhungu imakonda kutseka dzuwa likakwera. Ikakwana 12 koloko musanafike pamwamba, bwererani. Wolondolera akati nyengo yaipa, musamukakamize poti mwalipira. Chiperoni chikabwera, mnzanu amene ali mamita 10 patsogolo simumuona, zizindikiro zapamiyala zimasowa, ndipo munthu wonyowa akagona panja pamenepo kuzizira kumamupha. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anasiyana ndi womulondolera n'kupitiriza yekha, ndipo anakamupeza atamwalira. Anthu a kumeneko akamati phiri ili n'lofunika ulemu, amvereni.

Chimagonjetsa anthu ambiri a m'tauni ndi zovala. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa ndi thukuta siziuma, mphepo ikaomba zimakuziziritsani. Pa kaunjika ku Limbe mupeze juzi yokhuthala, jekete losalowa madzi, chipewa chofika m'makutu, magolovesi ndi masokosi mapeyala atatu. Zogonera zikulungeni m'jumbo musanaike m'chikwama. Nsapato ikhale yogwira pansi komanso yoti phazi linaizolowera. Yatsopano imatulutsa matuza musanafike ndi pakati pomwe. Musaiwale tochi yapamutu ndi bulangete lotentha: mu June ndi July usiku kumtundako chisanu chimagwa mpaka madzi kuundana.

M'nyumba za m'phirimo muli mlonda, nkhuni ndi madzi, koma chakudya n'chanu. Anthu anayi masiku atatu: mpunga makilogalamu 2, ufa 2, soya, usipa, botolo la chiponde, buledi, shuga, mchere, masamba a tiyi ndi mtedza wokazinga wodya m'njira. Muwerengerenso wolondolera ndi onyamula katundu, musangoganiza kuti adzionera okha. Aliyense akhale ndi botolo la malita 2, mumatunga m'mitsinje. Chikwama chanu chisapitirire makilogalamu 8 kapena 10, zotsalazo mupatse wonyamula katundu, koma osamusenzetsa mopitirira muyeso.

Nyengo yabwino ndi April kumapeto mpaka August, kuli kobiriwira ndipo mumaona kutali, mpaka nyanja ya Chilwa. September ndi October utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa chonse. Kuyambira December mpaka March, Sapitwa musiyeni. Mitsinje imasefukira mwadzidzidzi, ndipo zigumukire za namondwe Freddy wa mu March 2023 zinasintha njira zina, n'chifukwa chakenso wolondolera wa komweko ndi wofunika.

Mukamva fungo la mkungudza m'njira, dziwani kuti mtengo wa fuko lathuwu mwachilengedwe umapezeka ku Mulanje kokha, ndipo watsala pang'ono kutha chifukwa chodula ndi moto. Chonde musaudule kapena kuusonkhezera pamoto.

Musanapite, yesani miyendo pa Michiru, poti muli napo pafupi. Kwerani kawiri kapena katatu chikwama cha makilogalamu 8 chili kumsana. Ngati kuntchito sakupatsani Lachisanu kapena Lolemba, masiku awiriwo kagoneni ku Chambe: mukwere Loweruka pa Skyline, mutsike Lamlungu pa Chapaluka, minibasi ya ku Limbe mukaipeza pa Chitakale kusanade.