Inu mukufuna dokotala, iye akufuna kamera mu ndege yakale, ndiye nonse tamverani

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Bristol, ku England, ndaidula pang'ono poti inali yayitali. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 17, ali chaka choyamba cha ma A-level, tinamusankhira Biology, Chemistry ndi Maths kuti adzakhale dokotala. Koma chipitireni kuchionetsero cha ndege ndi anzake mutu wake sukugwiranso, usiku onse amangoonera mavidiyo ojambulidwa m'kati mwa ndege zakalekale za asilikali apamadzi, akuti ntchito yake idzakhala imeneyo, kumangirira kamera mu kokipiti, mokhala woyendetsa ndege, n'kumaika pa YouTube. Chemistry walephera. Ine ndimagwira ma shifiti ausiku kuti iyeyu aphunzire. Ndimutani?"

Mayi, kalata ngati yanuyi ndimalandira pafupipafupi, chimasintha ndi chidole chokha, wina ndi mpira, wina ndi nyimbo, wanuyu ndi ndege. Koma pali liwu limodzi limene ndinaima nalo nthawi yayitali, "tinamusankhira". Munamusankhira ndinu, ndiye lero mukudabwa chiyani kuti Chemistry wakana kulowa? Za ma shifiti ausiku ndikuzimva ndithu ndipo sindikuzipeputsa, koma tisanamizane, udokotala wa ana athu ambiri kunjaku umayambira pa gulu la WhatsApp la achibale kumudzi, kuti tidzalembe kuti mwana wayamba medicine anthu aike timanja toombera. Mukudziwa bwino kuti fomu ya UCAS yofunsira malo a medicine ku yunivesite imatsekedwa pa 15 Okutobala, kuti pali mayeso olowera a UCAT, kuti amafuna ma A okhaokha, kenako zaka zisanu za sukulu pa fizi ya £9,535 pachaka monga inalili mu 2025. Mwana amene Chemistry akumuzunza chaka choyamba, komanso mtima wake suli komweko, mukumukankhira pakhomo limene silitseguka ndi kukalipa.

Tsopano iwe mnyamata, poti ndikudziwa mayi ako akuwerengetsa izi, usayambe kumwetulira, sindili mbali yako.

Ndege zimene ukuzikondazo ndikuzidziwa. Zambiri zili ku Yeovilton, ku Somerset, osati kutali ndi kwanu, m'manja mwa bungwe lachifundo la Navy Wings limene linatenga udindo gulu la Royal Navy Historic Flight litathetsedwa mu 2019. Ndikuvomera kuti ndege ya Fairey Swordfish ndi chinthu chokoka mtima, mapiko awiri osanjikizana okutidwa ndi nsalu, kokipiti yopanda denga, imayenda ngati ikuganizira kaye, koma ndege za mtundu umenewu ndi zimene zinaphulitsa zombo za Italy ku Taranto mu Novembala 1940, n'kudzaononganso chiwongolero cha chombo cha nkhondo cha Germany cha Bismarck mu Meyi 1941. Swordfish ya nambala W5856 imene umaionayo inapangidwa mu 1941, ndi yaikulu kuposa agogo ako ambiri. Ndiye tangoganiza, chinthu ngati chimenecho, chimene chikathyoka sungakagule china kushopu, angapatse mnyamata wa zaka 17 wochokera pamsewu kuti amatepo kamera yake ya GoPro?

Kamera mu kokipiti siikidwa ngati mmene umaikira foni pagalasi la galimoto. Ndege ikamatembenuka mwamphamvu kulemera kwa chilichonse kumachuluka, kakamera kopepuka kaja kamakoka kanayi kapena kuposa, ndipo kakathothoka n'kugwera pansi pa mpando kakhoza kukakamira pa zingwe kapena pa ndodo yowongolera, basi woyendetsa alibenso chochita. N'chifukwa chake anthu a ndege amawerenga sipanala iliyonse akamaliza ntchito, ikasowa imodzi ndege siuluka mpaka ipezeke. Pomangirira kamera pamafunika injiniya wovomerezeka aone malowo, aone chomangira, aone ngati sikutchinga maso a woyendetsa, ndipo bungwe la CAA, loyang'anira za ndege m'dzikomo, lili ndi malangizo ake pa nkhani yomweyi. Chichitikireni ngozi ya ku Shoreham pa 22 Ogasiti 2015, pamene ndege ya Hawker Hunter inagwera pamsewu wa A27 n'kupha anthu 11, malamulo a zionetsero anakhwima kwambiri, ndipo mavidiyo a makamera amene anali mu kokipiti ya ndege imeneyo anakathera m'manja mwa ofufuza ngozi a AAIB. Ndiye vidiyo ya mu kokipiti si ya ma layiki okha ayi, tsiku lina imasanduka umboni.

Komanso vidiyoyo si yako. Ndege ndi ya bungwe, woyendetsa ndi wawo, mafuta agula okha, ndipo mavidiyowo amawagwiritsa ntchito kukopa anthu kuti apereke ndalama zosamalira ndegezo. Za YouTube nazo, kuti uyambe kugawana nawo ndalama za malonda pamafunika ma subscriber 1,000 ndi maola 4,000 oonera pa miyezi 12, ndipo ukafika pamenepo si kuti walemera, wangololedwa kuima pamzere. Nyengo ya zionetsero ndi miyezi yochepa ya chilimwe cha kumeneko, ndege zenizenizo ndi zowerengeka, ndipo zimachepa. Ndege yawo ya Sea Vixen inatera ndi mimba ku Yeovilton mu Meyi 2017 matayala atakana kutuluka, siinaulukenso. Sea Fury ya mipando iwiri inagwa m'munda pafupi ndi Yeovilton mu Epulo 2021 injini itazima, anthu awiri anali m'katimo anapulumuka koma ndegeyo inatheratu. Ungamange moyo wako wonse pa ndege zoti ungaziwerenge ndi zala? Chikomekome cha mkuyu chimenecho mphwanga.

Koma pali chinthu chimodzi chimene nonse awiri simukuchiona, ndipo ndi chimene chandipangitsa kuyankha kalatayi m'malo mwa zina zimene zikudikira. Munthu amene amaloledwa kukwera pa phiko, kutsegula mapanelo, kunena kuti kamera ikhale apa osati apo, ndi injiniya. Khomo lolowera mu kokipiti imeneyo lili ku hangala, kosungira ndi kukonzera ndege, kudzera m'manja odetsedwa ndi oyilo. Ndipo inu mayi mukukhala pamalo amene anthu ena amachita kusamukira, injini ya Swordfish dzina lake ndi Bristol Pegasus, dzina la mzinda wanu womwewo, ku Filton kuli Airbus, Rolls-Royce ndi GKN, ku Yeovil kuli kampani ya Leonardo imene imapanga ma helikopita a Merlin ndi Wildcat amene asilikali apamadzi akugwiritsa ntchito lero. Makampani amenewa amatenga ma apprentice chaka ndi chaka, mwana amaphunzira akulandira malipiro, fizi salipira, ngongole ya sukulu palibe. Malipiro otsikitsitsa a apprentice anali £7.55 pa ola kuyambira Epulo 2025, makampani akuluakulu nthawi zambiri amapereka kuposa pamenepo. Akasankha njira yokonza ndege pamapeto pake pali laisensi ya Part-66, B1 ya mainjini ndi thupi la ndege, B2 ya zamagetsi ndi zipangizo za mu kokipiti, ndipo munthu wa laisensi imeneyi siginecha yake ndi imene imalola ndege kunyamuka. Ndikudziwa kuti kwathu tikamva zoti mwana akugwira sipanala timaona ngati walephera sukulu, timaganiza za galaja ya pansi pa mtengo. Chotsani zimenezo m'mutu mayi, munthu wosainira ndege yonyamula anthu 200 si wolephera.

Ndisakunamizeni kuti ndi njira yofewa. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, amayang'ana Maths kwambiri, ndipo ma degree apprenticeship ambiri a uinjiniya amafunanso Physics amene mwanayu sakutenga, poti munamusankhira zina. Ndiye sabata ino yomwe pitani kusukulu nonse awiri mukakhale pansi ndi aphunzitsi, mufunse ngati angasinthe Chemistry kapena kuyambiranso chaka ndi Physics, kapena kupita ku koleji kukachita maphunziro a luso a BTEC kapena T Level ya engineering. Kutaya chaka chimodzi pa zaka 17 si imfa. Kungosiya sukulu n'kukhala pakhomo ndi kamera ndiye ayi, lamulo la ku England limafuna akhale pa maphunziro kapena pa training mpaka zaka 18. Chinanso chimene makolo athu ambiri amachidziwa mochedwa ndi mapepala. Thandizo la boma pa apprenticeship limayang'ana mtundu wa viza ndi zaka zimene mwakhala m'dzikomo, ndipo makampani opanga zida za asilikali amafufuza mbiri ya munthu asanamulole kulowa. Fufuzani zimenezi panopa, osati mwana atadutsa kale intavyu.

Nanga kamera ija aitaye? Ayi, ndipo apa ndikuvomera monyinyirika kuti mnyamatayu ali ndi kanthu. Mwana amene amakhala maola akuyang'ana mmene singano za mu kokipiti zikuyendera ndi wosiyana ndi amene amangoseweretsa chala pa TikTok. Koma iwe, ngati ukuti umakonda kujambula, jambula tione. Gula tikiti ya chionetsero cha ndege cha ku Duxford kapena ku Old Warden, uime kuseri kwa chingwe ngati wina aliyense, uphunzire chifukwa chake pulopela imaoneka yopindika ngati nthochi kapena yoima pa vidiyo yako pamene ndege ikuuluka, ndi shata ya kamera imeneyo, ichepetse liwiro uikepo fyuluta ya ND yochepetsa kuwala kuti pulopela izioneka ikuzungulira. Phunzira za mawu, chifukwa mu kokipiti yopanda denga maikolofoni imangomva mphepo yokhayokha ngati wina akung'amba nsalu, odziwa amatenga mawu kuchokera pa waya wa mahedifoni a woyendetsa. Drone yako isiye kunyumba, pafupi ndi bwalo la ndege siiloledwa ndipo ukayerekeza dzina lako lidzadziwika mwa njira yolakwika. Pita ku Fleet Air Arm Museum ku Yeovilton komweko, pita ku Aerospace Bristol kumene kuli ndege ya Concorde yomaliza kuuluka, ufunse ngati amalandira ongodzipereka a msinkhu wako, ngakhale akupatse tsache usese. Madala a m'malo amenewa amakumbukira mwana amene amafika nthawi yake Loweruka lililonse, ndipo pa intavyu ya apprenticeship nkhani ya mmene unathandizira kupukuta injini yakale imamveka bwino kuposa kunena kuti ndimakonda ndege kuyambira ndili mwana, zimene aliyense amanena.

Mayi, akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, koma ine sindikuti mumusemere yonse. Mugwirizane poyera: Maths akwere kufika pa B pofika mayeso otsatira, mafomu a apprenticeship atatu kapena anayi atumizidwe chifukwa ambiri amatsegula kumapeto kwa chaka ndipo ena amatseka msanga, akatero tikiti ya chionetsero chimodzi mudzamugulira ndinu, ndipo mudzapite naye mukaone chimene chamutenga mtimachi. Mutenge jekete, kumabwalo a ndege kumazizira ngakhale mu Julayi. Iwe mnyamata, ukajambula vidiyo yoyamba imene pulopela ikuzungulira bwinobwino unditumizire, ndidzaionera mpaka kumapeto, koma nditaona kaye zotsatira za Maths.