Voisi ya achemwali yoyankha za mwana wokana nsima uja

Msuweni wathu wa ku Salima analemba mugulupu kuti: "Abale mwana wangayu ali ndi chaka ndi miyezi 7 koma nsima ayi, phala masipuni awiri basi walavula, amangofuna bere ndi tiyi. Alipo akudziwa mankhwala a apetaiti? Apongozi akuti waonda." Achemwali a ku Nkhotakota anayankha ndi voisi yaitali, nde ena mumati bandulo ilibe mphamvu, ndangoilemba momwe anayankhulira.

Halo... ikujambula? Eya yayamba. Msuweni, waswera? Uthenga wako ndauona mmawa koma ndinali kumpunga, mbalame chaka chino zativuta heve, ndangofika kumene ngakhale madzi sindinasambe.

Mankhwala a apetaiti eti. Iweyo. (akuseka) Iwe amene unkabisa nsima m'thumba la yunifomu agogo asaone, lero ukufuna mankhwala a apetaiti. Mwana watengera ndani kodi? Mbuzi ikabala sibala nkhosa mayi.

Komano ndifunse kaye, apongozi akowo abwera liti? Akadali pompo? Ayi usayankhe, ndibwera komweko. Ndiyambe ndi amalume a ku Chia, chifukwa nditangowerenga ndaseka ndekha kumunda kuja anthu mpaka kundiyang'ana.

Ukukumbuka ukwati wa ku Area 25 uja, womwe uja wa nkhani ya mbuzi, eya usandiyambitse. Iwe unali wamng'ono, unali pa mzere wa ovina... ayi ayi ndanama, unadwala maso chaka chimenecho unatsala ndi agogo. Nde amalume aja mukuwadziwa nonse, nsima ya chimanga ankati ndi ya odwala, iwo kondowole basi, chibadwire. Tikukwera minibasi pa boma iwo atenga jumbo yawo ya ufa wa chinangwa aikumbatira ngati khanda, kondakitala akuti bwana tiike kumbuyo iwo ayi. Msewu wonse, Benga, Khombedza, Salima, mpaka kukwera zitunda zija kulowa Lilongwe, galimoto yonse fungo la kondowole, mayi wina mpaka anatsegula windo nkumati muli chani mmuno, amalume ali phee kuyang'ana kutsogolo ngati si iwo.

Tafika kuja apereka ufa kwa azimayi ophika, azimayi akuchimuna aja a ku Dedza. Iii. Anthu aja kondowole anali asanaphikepo. Anayamba ndi kupanga phala ngati nsima ya mgaiwa, kulisiya libwate, kuthira ufa pang'onopang'ono poto ali pamoto, chinatuluka pamenepo msuweni ulimbo weniweni, mthiko kukanirira osatuluka. Amalume atamva analowa kukhitchini ndi suti yawo ija, ya bulauni yobwereka ija, mwini wake mukumudziwa. Anavula jekete kupachika pa mpanda, kuwiritsa madzi ena, atawira bwinobwino kuphula poto kuika pansi, kumupana ndi mapazi nsapato za ukwati zili kuphazi, ufa waa kamodzi, nkuyamba kuvundula, thukuta kamukamu tayi ataponyera kumsana. Azimayi kuseka mpaka ena kukhala pansi. Akwati akulowa muholo iwo ali kuseri kwa nyumba akudya kondowole ndi utaka wootcha womwe anabisa m'thumba la jekete. La eni ake! Nchifukwa chake suti ija inabweretsa mlandu, amene simunkadziwa dziwani lero.

Dikira... iwe tseka chitseko nkhuku zikulowa! Pepani. Ndimati chani? Eya, amalume.

Nde munthu wovuta kudya ngati ameneyo ndi amene anandidyetsera mwana wanga woyamba. Nthawi ija ndinabwerera kumudzi zitachitika zija. Mwana anali ngati wakoyu, chaka ndi miyezi ingapo, kukana chilichonse. Ine kuthamanga naye bwalo lonse sipuni kumanja, ndege ndege aaa, iye kukamwa tsekee. Tsiku lina mpaka ndinachita zomwe ankachita akale zija, kumugoneka pamiyendo, phala lamadzi m'dzanja nkumamumwetsa akulira, anatsamwa maso kutembenuka ndinaona ngati ndapha mwana. Zimene zija usadzayese, ngakhale akuuze ndani, phala limalowa njira ya mpweya.

Amalume nthawi imeneyo anali siginala, usiku onse panyanja ndi nyali, kubwera mmawa kugona, masana ndi pomwe ankadya. Nde ankakhala pakhonde pamkeka, mbale yawo, nkumufulatira mwana dala. Amvekere iwe usayandikire kuno, izi nza akuluakulu. Mwana uja poti wakanizidwa, kukwawa mwakachetechete, kadzanja tolee kansomba, kuthawa. Amalume kukuwa wakuba! wakuba kuno! mwana kuseka mpaka kugwa, kubweranso. Kutola kambamu ka kondowole, kuviika mumsuzi mmene amaonera iwo, theka kukamwa theka patsaya. Ine ndili kukhitchini mtima ukuwawa kuti ine mayi ake amandikana, koma nkhalamba yonunkha nsombayi ayi. Tsiku lachitatu ndi pomwe ndinaona bwino. Asanayambe kudya ankakhala kaye nkumachotsa minga ndi zala, mosamala ngati akusoka ukonde, timinofu nkumatiyala m'mphepete mwa mbale mbali yomwe mwana amabera. Tonse tija tinali take kale.

Nditawafunsa anangoti, usipa suuthamangitsa mphwanga, umayatsa nyali nkukhala chete, umabwera wokha. Basi nkutembenuka kugona. Aaa amalume aja... Mulungu awasunge komwe aliko. Ngongole ya njinga ija anapita nayo koma (akuseka).

Chabwino, za mwanayo. Tiyi siya kaye, ameneyo ndi amene akudzaza kamimba, kamimba ka mwana nkofanana ndi kachibakera kake komweko, komanso tiyi amatchinga ayironi wa m'zakudya nde magazi amachepa. Ndipo usandinamize, ndikudziwa bambo ake akamachokera ku Kamuzu Road amabwera ndi tizipafu ndi majusi aja, mwana wadya zimenezo 4 koloko nsima aidya bwanji? Bere usamuchotse, akuchipatala amati mpaka zaka 2 kapena kupitirira, kungoti masana yamba chakudya bere pambuyo. Phala likhale lolimba loti ukapendeketsa sipuni silikuyenderera, uthiremo nsinjiro, tsiku lina dzira, tsiku lina usipa wouma ukazinge usinje usefe, kasipuni kamafuta. Inu a ku Salima usipa wa ku Senga Bay uli pakhomo, mpunga wa ku Lifuwu uli pakhomo, phala la mpunga ana amalikonda. Mbatata yofiira mkati, dzungu, peyala, nthochi, papaya, zoti agwire yekha ndi dzanja adzipake, uchapa. Mtedza wosasinja ayi, amatsamwa nawo. Magulu 6 aja amatiimbitsa kusikelo, sikuti onse alowe mbale imodzi, bola pakutha pa tsiku. Katatu kapena kanayi patsiku ndi tina tapakati, pang'onopang'ono, ndipo adye pomwe mukudya nonse, mbale yakeyake kuti uone wadya zingati. Akakana chotsa osakalipa, mawa ubweretsenso, ena amalawa chinthu maulendo 10 asanachivomere. Mankhwala a apetaiti ogula pa kauntala aja ambiri amangogonetsa mwana, ine ayi.

Ndiponso chaka choyamba mwana amakula ngati dzungu, sikelo imafika katatu ya pobadwa, koma chaka chachiwiri amangoonjeza makilo awiri kapena atatu chaka chonse, uku akuthamanga, masaya aja amaphwa. Si kuonda konse kumene kuli matenda. Tenga buku lake lakusikelo uone mzere. Ukukwera, ngakhale pang'ono? Vitamini A analandira, wa miyezi 6 iliyonse uja? Mankhwala a njoka zam'mimba? Alangizi azaumoyo amuyeze kalamba kapamkono kaja, kakakhala pobiriwira mtima pansi. Koma mzere ukagona miyezi iwiri kapena kutsika, kaya mapazi onse awiri atupa ukadina chala pakutsala dzenje, tsitsi lafiira, m'manja mwayera, zilonda mkamwa, kutsegula, thupi kutentha poti kunyanja kuno malungo sasowa, pamenepo usafunsenso gulupu, nyamula mwana upite tsiku lomwelo. Chiponde chakuchipatala chija ndi mankhwala, amapereka akamuyeza, si chogula pamsika. Usiku ukasowa mtengo wogwira imba Chipatala cha pa Foni, 929.

Hmm. Koma msuweni... ine uthenga wako ndawerenga katatu. Zonse ndanenazi ukuzidziwa, unapita kusukulu kuposa ine. Iwe walemba mizere inayi koma funso lako ndi mawu atatu omalizawo. Apongozi akuti waonda. Ndipo ine ndikudziwa sanathere pa waonda, pali mawu ena aja sunalembe, poti bambo ake amakhalitsa ku Dwangwa nyengo yodula nzimbe... eya, tsempho. Ndatchula, undikhululukire poti ndi pagulu, koma muno tonse ndi amodzi ndipo ineyo anandinenapo zomwezo, amayi ali momwemu akhoza kuvomereza. Zimapweteka. Umaphika misozi ili m'maso, mbale ikabwerera yodzaza umaona ngati ndi iwe wayezedwa sikelo. Nde umamugwira mwana mwamphamvu kuti adye anthu aone, iye amamva manja ako kuti mayiwa lero sali bwino, nkutseka kukamwa.

Sunalakwe kanthu iwe. Mwana wokana nsima pa msinkhu umenewo ali m'nyumba iliyonse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwambazi, si chizindikiro choti wina wachita chinachake. Ngakhale kutupa kumene akale ankati tsempho kuja, kuchipatala amakupeza kuti nkuperewera kwa zakudya m'thupi ndipo amachiza.

Apongoziwo usakangane nawo, nawonso ndi mantha, mdzukulu ndi wawo. Tsiku la sikelo uwabereketse mwanayo mupitire limodzi, akamve okha kwa alangizi, iwe ukhale chete ngati sukudziwa kanthu. Ukabwera uwapatse mbale pakhonde uwauze kuti amayi tamukanizani. Aone ngati sawabera.

Wamva eti? Ndati vuto si iwe. Mwana akusewera, akukodza bwino, mzere ukukwera, ndiye kuti ukulera bwino, asakuzunguze mutu munthu.

Ndipo iwenso uzidya, pa chithunzi cha Isitala chija makosi ali panja ngati amalume atachoka panyanja nthawi ya mwera. Nditumiza nsinjiro za ku Mwansambo ndi kampunga Loweruka ndikapeza wopita, ujambule tsamba la mzere lija unditumizire kumbali osati muno, muno muli akazitape (akuseka). Sunalakwe msuweni, wamva? Iii mphika wanga... iwe ndani wasiya moto chonchi! Ndizimitsa bwanji ichi, dinani apa