Tizilombo tosaoneka ndi masoti anationa ndani?

Mayi ena a ku Ulongwe anditumizira imelo, akuti apongozi awo amawaseka akamathira Certeza, mankhwala aja ophera tizilombo m'madzi akumwa, mundowa, amvekere madzi ali mbee chonchi mukuphamo chani, tizilombo tanuto anationa ndani? Ndiye akufunsa ngati alipodi anationa kapena ndi zongokamba a kuchipatala.

Mayi, alipo, ndipo sanali dokotala ayi. Anali wogulitsa nsalu ku Delft m'dziko la Holland, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek. Mkuluyu ankadzipangira yekha timagalasi tokulitsa zinthu kuposa ka 200, ndiye mu 1674 anatunga madzi a m'nyanja ina kufupi ndi kwawo, kusuzumira mukagalasi muja n'kupeza tinthu tamoyo piringupiringu tikusambira. Sanalekere pomwepo, mu 1683 anapala zoyera zija zimakanirira m'mano, za iye mwini ndi za anthu ena, namonso anapezamo mabakiteriya ali yakaliyakali. Zonsezi ankalembera a Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi ku London, iwonso poyamba anakayika, ndiye apongozi anuwo musawakwiyire kwambiri.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti panatha zaka pafupifupi 200 anthu akutiona tinthuti koma osadziwa kuti tina ndi timene tikuwadwalitsa. Ankati matenda amabwera ndi mpweya wonunkha, komanso kuti chakudya chikaola tizilombo timangobadwa tokha momwemo. Anathetsa mkanganowu ndi Louis Pasteur wa ku France cha m'ma 1860. Anawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lalitali lopindika, mpweya umalowa koma fumbi limatsakamira pokhota paja, msuzi uja osaonongeka. Atathyola khosi lija, masiku ochepa msuzi bii. Tizilombo timachita kulowa kuchokera kunja basi.

Za madzi zenizenizo zinaoneka ku London mu 1854 kolera itavuta. Dokotala John Snow anatsata nyumba za omwalira n'kupeza kuti ambiri ankatunga pa mpope umodzi wa mumsewu wa Broad Street, madzi ake anthu ankawakonda ndithu, mpaka akuluakulu anachotsa chogwirira cha mpopewo. Kenako Robert Koch wa ku Germany anapeza bakiteriya wa TB mu 1882, n'kudzatsimikiza wa kolera ku India mu 1884.

Mabakiteriyawa ndi ang'ono zoti mutawandanditsa 1,000 angotalika milimita imodzi kapena ziwiri, diso silingaone olo madzi atayera bwanji. Chitsime chikakhala kumunsi kwa chimbudzi, mvula ya Januwale n'kukokolola, zatha. Pitirizani kuthira Certeza yo monga alembera pabotolo, dikirani mphindi 30 musanamwe, ikasowa wiritsani.

Koma si tonse toipa, apa ndi pamene ambiri timaphonya. Thobwa likamasasa, mowa wamasese ukamawira mumbiya, buledi akamafufuma, ndi yisiti ndi mabakiteriya ali pantchito. Kapena mukazule soya kaya mtedza kumunda muone timabulu tija tili kumizu, kuswa kamodzi ndi chikhadabo mkati muli mofiirira, mmenemo muli mabakiteriya amene amakoka nayitrojeni, chakudya cha mbewu chija chimapezekanso mufeteleza, mumpweya kupatsa mbewu, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pamene panali soya chaka chatha.

Mavairasi ndiye ang'ono kuposa pamenepo, ndipo alimi a fodya a ku Angónia ndi Macanga imvani izi, vairasi yoyamba inadziwika kudzera mufodya. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anafinya masamba odwala aja amachita mawangamawanga, kusefa madzi ake musefa yotsekereza bakiteriya aliyense, koma atapaka pafodya wabwino anadwalabe. Mu 1898 Martinus Beijerinck, ku Delft komwe kuja, anabwereza n'kunena kuti ichi ndi chinthu chamtundu wina. Chimfine, chikuku ndi HIV zonse ndi mavairasi, ndipo amokisilini saapha, ndiye zogula makapisozi pamsika chifukwa cha chimfine n'kutaya ndalama chabe. Vairasi ya fodya ija imayenda ndi manja, amene wagwira mbewu yodwala kapena wangopichira chingambwe asambe ndi sopo asanalowe kunazale.