Mafunso a Owerenga: Wagwidwa Kachitatu Akuyendetsa Ataledzera, Bwanji Sanam'tsekere?

FUNSO: A Mkonzi, mchimwene wanga wagwidwa kachitatu akuyendetsa galimoto ataledzera m'dziko limene akugwirako ntchito, ndipo tonse kubanja tinkayembekeza kuti ulendo uno alowa ndende. M'malo mwake khoti lalamula kuti azikhala pakhomo pake koma aziyang'aniridwa. Amuikira chipangizo chouzira mpweya m'galimoto, amupatsa ofesala woti azikaonekera kwa iye, ndiponso amulamula kuti azikalandira uphungu. Mtima wanga suli m'malo chifukwa ndikuona ngati am'lekerera, ndipo ndikuopa kuti tsiku lina adzapha mwana wa eni ake pamsewu. Kodi kuyang'anira kotereku kumathandizadi? Nanga ife achibale tichitepo chiyani? Ndine mlongo wake wodandaula.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo sindikufuna kuichepetsa. Munthu amene wagwidwa kachitatu sindiye kuti anayendetsa ataledzera katatu kokha, pakuti apolisi sangakhale pamsewu uliwonse usiku uliwonse, ndipo amene wakodwa katatu ayenera kuti anadutsa osaonedwa maulendo ochuluka zedi. Makhoti ndi madokotala amaika m'gulu loopsa kwambiri anthu amene agwidwa mobwerezabwereza, ndiponso amene mowa m'magazi mwawo unafika pa magalamu 0.15 pa mamililita 100 a magazi kapena kupitirira, mlingo umene ukuposa katatu malire a 0.05 omwe bungwe la WHO limalimbikitsa mayiko kuti azitsatira. Ambiri mwa anthu amenewa amakhala kuti mowa unawalowerera kale, ndipo ena amakhalanso ndi matenda ovutika maganizo amene palibe anawapimapo.

Ndende ili ndi malo ake, makamaka pamene munthu wavulaza kapena wapha mnzake, koma chilango cha ndende chimatha, ndipo munthu amatuluka ndi chibaba chomwe analowa nacho, nthawi zina ntchito itamuthera. Kulanda laisensi kumathandiza pang'ono, koma galimoto imalira ngakhale dalaivala alibe laisensi, ndipo ambiri mwa olandidwa amapitiriza kuyendetsa mobisa. N'chifukwa chake makhoti a m'mayiko ena anayamba kufunafuna njira yom'tsatira munthuyo tsiku ndi tsiku komwe akukhala.

Chipangizo chimene amuikira mchimwene wanu chimatchedwa ignition interlock, ndipo chimalumikizidwa ndi poyatsira injini. Dalaivala akakhala pachiwongolero amayamba wauzira mpweya m'kapaipi kwa masekondi angapo, ndipo chipangizocho chikapeza mowa wopitirira mlingo wochepa umene unaikidwa, injini siilira. Galimoto ikuyenda, chimapempha kuti auzirenso pa nthawi imene iye sangaidziwiretu, pofuna kutseka mwayi woti mnzake wosamwa amuuzirire ponyamuka kenako iye n'kumamwa m'njira. Akalephera kapena akakana, sichizimitsa injini pakati pa msewu, chifukwa zimenezo zikhoza kuchititsa ngozi, koma chimalemba zachitikazo, ndipo zipangizo zambiri zimaliza hutala mpaka ataima. Zamakono zili ndi kamera yojambula nkhope ya wouzirayo. Chigawo cha New Mexico ku America chinali choyamba, m'chaka cha 2005, kulamula kuti aliyense wopezeka ndi mlandu umenewu aikiridwe chipangizochi, ndipo kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira zambiri amene anafalitsidwa mu 2011 ndi akatswiri a bungwe la boma la America loona za matenda la CDC anapeza kuti kugwidwanso kumatsika ndi pafupifupi 67 peresenti pamene chipangizocho chili m'galimoto. Mawu otsirizawo muwamvetse bwino, chifukwa kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti chikachotsedwa, ambiri amabwerera ku khalidwe lawo lakale. Chipangizo chimaletsa galimoto imodzi yokhayo kuyenda, ndipo sichithetsa ludzu la munthu.

Njira imene ine ndimaiona kuti ili ndi phunziro lalikulu ndi ya chigawo cha South Dakota ku America, yotchedwa 24/7 Sobriety, imene inayamba mu 2005 motsogozedwa ndi mkulu wa zamalamulo wa chigawocho pa nthawiyo, a Larry Long. Iwo anaona kuti m'malo mongoletsa munthu kuyendetsa, khoti likhoza kumuletsa kumwa kumene. Wolakwa amapita kupolisi kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, motalikirana pafupifupi maola 12, kukauzira mpweya ofesala akuona. Akapezeka ndi mowa kapena akajomba, amatsekeredwa nthawi yomweyo, kawirikawiri usiku umodzi kapena uwiri basi, kenako amabwerera kunyumba ndi kuntchito kwake. Ofufuza a bungwe lochita kafukufuku la RAND anapeza mu 2013 kuti m'maboma amene anatsatira njirayi, kugwidwanso kwa oyendetsa ataledzera kunatsika ndi 12 peresenti, ndipo milandu ya nkhanza za m'banja inatsikanso ndi 9 peresenti, zomwe zikusonyeza kuti mowa umene umavutitsa pamsewu ndi womwewo umene umavutitsa pakhomo. Chimene chimagwira ntchito apa si kukula kwa chilango. Munthu amene botolo lili patsogolo pake saganiza za zaka zisanu za ndende zimene mwina zidzabwera mwina ayi, koma amaganiza ndithu za mawa m'mamawa akadziwa kuti palibe pothawira. Choncho funso loyenera kufunsa pa nkhani ya mchimwene wanu n'lakuti, iye akalephera kuyesedwa lero, adziwa ndani, adziwa liti, ndipo chichitike n'chiyani? Ngati zolembedwa m'chipangizo zimangounjikana popanda woziwerenga, kapena ofesala ali ndi anthu ochuluka moti amazindikira patapita miyezi, pamenepo mantha anu akuti am'lekerera ndi oona.

Kwa amene akukhala kutali ndi malo oyesera, pali chibangili chovala pakakolo chimene chimayesa mowa m'thukuta mphindi 30 zilizonse usana ndi usiku. Makhoti a ku Wales anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 2020, ndipo a ku England mu 2021, pa milandu yochitika chifukwa cha mowa. Dziwani komabe kuti zipangizo zonsezi zimaona mowa wokha, moti amene wasiya mowa n'kutembenukira ku chamba kapena mapiritsi ogonetsa amafunika kuyesedwa mkodzo kapena malovu.

Uphungu umene khoti lalamula musauone ngati chinthu chongowonjezera, pakuti miyezi imene zipangizo zikum'tchinjiriza ndiyo nthawi yoti vuto lenileni lichizidwe. Choyamba ayenera kupimidwa mwakuya kuti adziwe kuchuluka kwa mowa umene amamwa, mankhwala ena amene amagwiritsa ntchito, ndiponso ngati ali ndi matenda a maganizo, chifukwa kalasi ya masiku ochepa yophunzitsa kuopsa kwa mowa, imene ingathandize wolakwa koyamba, siikwanira kwa munthu wa kachitatu. Ku America kuli makhoti apadera a milandu imeneyi, otengera chitsanzo cha khoti la ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo limene linayamba ku Miami mu 1989, kumene wolakwa amaonekera pafupipafupi pamaso pa woweruza mmodzi yemweyo, amene amamva malipoti a phungu ndi a ofesala asanayamikire kapena kulanga. Aliponso mankhwala, monga naltrexone ndi acamprosate, amene dokotala angapereke pochepetsa chibaba. Chenjezo limodzi ndilinene momveka: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi popanda dokotala, chifukwa thupi likhoza kuyamba kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene.

Kumbali ya inu achibale, ntchito ya ofesala si yanu, koma pali zinthu zimene ofesala sangazione ndipo inu mumaziona. Wina aliyense pakhomo asamuuzirire mpweya m'chipangizo, ngakhale atachonderera kuti achedwa kuntchito, ndipo asabwerekedwe galimoto ina yopanda chipangizo, pakuti apa ndi pamene ambiri amazembera. Ana asakwere naye mukakayikira kuti wamwa. Mukadziwa kuti wayambanso kuyendetsa atamwa, uzani ofesala wake tsiku lomwelo, ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa kugona usiku umodzi m'chitokosi sikungafanane ndi mlandu wakupha munthu. Akakwanitsa mwezi osamwa, muuzeninso kuti mwaona.

FUNSO: A Mkonzi, kodi munthu wotereyu nthawi yake yoletsedwa ikatha amangobwezeredwa laisensi popanda china chilichonse? Ndine dalaivala wa galimoto zonyamula katundu.

YANKHO: Bambo, zimatengera malamulo a dziko, koma m'mayiko ena kutha kwa masiku pakokha sikukwanira. Ku Britain, amene waletsedwa kawiri m'zaka 10 chifukwa cha mowa, amene anakana kuyesedwa, kapena amene anapezeka ndi mowa wofika mamiligalamu 200 pa mamililita 100 a magazi, sabwezeredwa laisensi mpaka dokotala wosankhidwa ndi bungwe lopereka malaisensi la DVLA atam'pima ndi kuyesa magazi ake pofuna kuona ngati akumwabe mopitirira muyeso. Ku Germany, wobwereza mlandu amakaonana ndi dokotala ndiponso katswiri wa za maganizo pa mayeso otchedwa MPU, kumene ayenera kuonetsa kuti khalidwe lake lasinthadi. Zigawo zina za ku America sizilola kuti chipangizo chichotsedwe m'galimoto mpaka munthu atatha miyezi ingapo yotsatizana osalephera kuyesedwa, ndipo akalephera, nthawi yokhala nacho imawonjezedwa.